Ndowa Iyambe Yakwera Pamutu

Makina anga osokera anakhala zaka zambiri pakhonde la golosale ya Mayi Deliwe pa Thambani. Dzina langa ndine Langton. Anthu amati matelala ndife amiseche, koma tichite bwanji? Miyendo ikupalasa, manja agwira nsalu, maso ndi makutu alibe ntchito. Choncho za a Zaqueu, mmisiri wa ndowa uja, ndinaziona ndekha ndili pampando wanga.

Ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Chinali chaka cha 1987, nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa, anthu akutsika m'mapiri a kumalire ndi timitolo pamutu. Ena anatengeredwa kumakampu, koma ambiri anangokhala pakati pathu, poti ena anali abale athu kuyambira kale. Mabanja angapo anapatsidwa malo kutsetsereko, kuseri kwa msika, namanga tinyumba ta udzu. Posakhalitsa kumeneko kunayamba kumveka kugogoda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinadandaula kwa aliyense wondibweretsera chigamba, ngati kuti makina anga ankasoka mwakachetechete.

Wogogodayo anali bambo wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali, wosakonda kuyankhula. Kwawo kunali ku Moatize. Anaphunzira kukhoma ndowa ali mnyamata kwa mmisiri wina waukali, ndipo atakula anakhala ndi kashedi kawokawo pafupi ndi msika, kokhala ndi mpope pakhomo. Nkhondo inawapeza kumudzi kwa akazi awo atapita kumaliro, moti kuno anafika ndi zovala za pamaliro zomwezo. Hamala anachita kupempha kwa wokonza njinga, sizasi yodulira malata anasinthitsa ndi bulangeti lolandira. Akazi awo, a Orlanda, anali aafupi, oseka mokweza, oti zonse zimene amuna awo ankameza iwo ankazilavula. Anakhala nafe mpaka chaka cha 1994, pamene mabasi anabwera kudzatenga obwerera kwawo.

Chakudya ankalandira ndi khadi ngati anzawo onse: ufa, nandolo ndi mafuta ophikira. Koma tsiku lolandira a Zaqueu ankadana nalo. Ankaima pamzere atatsitsa chipewa mpaka m'maso kuti asaonane ndi munthu. Tsiku lina anandiuza, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chinyungwe, kuti, "Imwe a telala, munthu wa manja awiri kuima padzuwa kudikira kuti wina amuthirire ufa m'thumba. Ine basa, ntchito ya manja angawa, ndilo ndikufuna." Chokhacho chimene ankachikonda pamalo olandirirapo chinali zitini zikuluzikulu za mafuta zikatha. Ankazitola, kuzidula, kuziwongola, nakhoma ndowa.

Mayi Deliwe, eni golosale, anali mayi wa thupi, wa mawu ochepa koma olemera. Sitoloyo anatsala nayo amuna awo atamwalira pangozi ya lole, ndipo anaiyendetsa ndi khalidwe limodzi limene owabweretsera katundu ankaliopa: sankagulitsa chinthu asanakaone kumene chikuchokera. Mayi wowaphikira mandasi ankangoona atulukira kukhitchini, osatumiza mawu, kudzanunkhiza mafuta m'chiwaya. Wa mazira ankadziwa kuti dzira lililonse lilowa m'beseni la madzi, loyandama libwerera kwawo. Wa chiponde anamupeza akuyanika mtedza pansi pomwe mbuzi zimagona, anamukalipira mpaka kulira, mawa lake namutumizira mphasa. Ankakalipa, inde, koma sankataya munthu msanga. Mawu awo anali akuti, "Wogula akabwera kudzatukwana, satukwana iwe, amatukwana ine."

Koma pa a Zaqueu lamulo lawolo analiswa okha. Bamboyo anafika pakhonde ndi ndowa zitamangidwa pachingwe, atavala jekete long'ambika pachigongono, ndipo Mayi Deliwe anagwidwa chisoni. Ndowazo zinali zooneka bwino, zopepuka, zowala mbee mkati, kunja zikuonekabe zilembo za mafuta aja. Za kufakitale za ku Blantyre zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo anthu ambiri sankazikwanitsa. Mayiwo analandira osafunsa kanthu, nazipachika pamisomali ya pamtanda wa khonde, pamwamba pa mutu wanga penipeni. Zinatha sabata yomweyo. Zinabwera zina, nazonso zinatha. A Zaqueu anayamba kupatsa anthu moni panjira, ndipo jekete lija linafika pamakina anga.

Kenako ndowa zinayamba kubwerera. Mayi wina anabwera mwaulemu, kunong'ona kuti yake ikuchucha pang'ono. Wina anangoisiya pakhonde osanena kanthu. Kenako kunabwera Esime, wogulitsa tomato pamsika, amene pakamwa pake Thambani yense amapadziwa. Anafika atanyowa kuyambira duku mpaka chitenje, naiponya ndowayo pasimenti.

"Mayi Deliwe, mwandigulitsa ndowa kapena sefa?" anatero Esime. "Ndachoka kumjigo itadzaza, pofika kunyumba theka lili pamsana panga. Ndiye ndati otsalawo nditenthetse asambe abambo akunyumba, moto wonse wazima, utsi wakuda thoo m'khitchini. Zinthu za marefuji mukutipusitsa nazo."

Mayi Deliwe anapepesa, nati ampatse ina. Esime anakana, nati sakufuna kusamba kawiri tsiku limodzi. Anabwerera kumsika, ndipo pofika masana wogula tomato aliyense anali atamva nkhaniyo, ndi zowonjezera zomwe.

Madzulo a Zaqueu anabwera ndi ndowa zatsopano, napeza misomali ili yokhayokha. Mayi Deliwe anawaonetsa zobwezedwa zija, nati, "Bambo, ndowa zanu sindipachikanso mpaka ndidziwe chimene chikuzidwalitsa." A Zaqueu anazitembenuza, naziyang'ana kunsi. Anamanga zonse pachingwe natsika nazo.

Mawa lake kutsetsereko kunali zii. Mkuja lakenso chimodzimodzi. Ine amene ndinkadandaula phokoso ndinapezeka ndaimitsa makina ndikutchera khutu. Ndinkadziwa bwino chimene chete ameneyo ankatanthauza. Pa Thambani panalibe sitolo ina yoti ingalandire ndowa zimene Esime wazitukwana, ndipo anzawo othawa nkhondo anali ndi zigubu za pulasitiki zolandira. Mayi Deliwe akanawataya, a Zaqueu akanatsala ndi khadi lokha ndi mzere uja. Zinandikhudza, chifukwa nanenso makina anga atandichokera sindikudziwa kuti ndingakhale ndani.

Tsiku lina masana Mayi Deliwe anatuluka, nakhoma loko pachitseko. "A Langton, vundikirani makinawo mundiperekeze." Kutseka sitolo dzuwa lili pamutu chinali chinthu chimene mayiwo sankachita chisawawa.

Tinawapeza a Zaqueu atakhala pachitsa, manja ali pamaondo. A Orlanda ankasankha nandolo m'lichero. Atatipatsa mphasa ndi moni, Mayi Deliwe anati, "Sindinabwere kudzakalipa. Khomani ndowa imodzi ndione, kuyambira poyamba."

A Zaqueu anawayang'ana ndi diso la kumbali. "Mayi, basa limeneli ine ndinaliyamba imwe musanamere mano."

"Ndiye simuvutika kundionetsa," anatero mayiwo, nawongola miyendo pamphasa ngati munthu amene sachoka lero.

Bamboyo anadzuma, natenga chitini. Kunena zoona, manja awo anali odziwa. Anadula lata, naliwongola pamwala, nalizunguliza pachitsa, nalumikiza msoko wa m'mbali. Anadula lina lozungulira la pansi, napinda mlomo wake kamodzi, nakhomerera pamwala pomwepo. Mwalawo unali wa mabampu, ndipo ine wa misoko ndinaona kuti pena hamala ikugwira, pena ikungodutsa. Kenako anasungunula phula m'kachitini, phula lotola kumene ankakonza msewu wa tala ku boma, napaka mkati mozungulira msoko wonse. Litauma ananyamula ndowayo, nalowetsamo nkhope atapenya kudzuwa, naizunguliza pang'onopang'ono.

"Palibe pakuwala," anatero. "Ili bwino."

"Thiranimo madzi," anatero Mayi Deliwe.

A Zaqueu anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana chigubu chimene chinali pamthunzi, madzi ali m'munsi.

"Mayi, mjigo ndi umodzi, wa mudzi wonse ndi ife tomwe," anatero a Orlanda. "Ndimapita kukucha, ndimabwera dzuwa lili apa. Eni mudzi amayamba, ife pambuyo. Madzi amenewa ndiphikire, timwe, ena atsale osukusula. Ndiwapatse awa azisewera nawo?"

"Ku Moatize ndinali ndi mpope," anatero a Zaqueu motsitsa mawu. "Ndowa iliyonse inkagona ndi madzi isanagulitsidwe. Ndinali ndi chitsulo cha njanji chokhomerapo, ndinali ndi mtovu womatira. Kuno ndili ndi mwala ndi dzuwa."

Ndinaona Mayi Deliwe akuchita manyazi, chinthu chosaoneka kawirikawiri. Iwo madzi ankachita kuwatungira mayi wina waganyu, ndipo za mzere wa kumjigo ankangozimva. Anakhala kanthawi akuyang'ana chigubu chija. Kenako anafunsa a Orlanda ngati anasenzapo ndowa ya amuna awo.

A Orlanda anaseka mpaka nandolo kutayika. "Ine? Zonse zimathamangira kwa inu. Ine changa ndi chigubu."

Tangoganizani, mkazi wa mmisiri wa ndowa, ndowa ya pakhomo pake osaidziwa kulemera kwake. Ndinafuna kuseka nawo, koma ndinakumbukira kuti akazi anga tsiku lomwelo anavala diresi yong'ambika m'khwapa.

Mayi Deliwe anatembenukira kwa bamboyo. "Tamverani, inu mumadziwa lata, ine ndimadziwa amene amagula. Ndowa ikakhala pansi ndi ina, ikakwera pamutu ndi ina. Munthu akamayenda madzi amakankha uku ndi uku, ndiye lata lopyapyalali limapindika, msoko umayasama. Chinanso, amayi akuno ndowa yotungira ndi yomweyo yotenthetsera madzi osamba. Akafika nayo amangoikhazika pamafuwa. Phula lanuli likaona moto limathawa."

"Ndowa pamoto?" anafunsa a Zaqueu, nkhope itachita makwinya ngati awauza kuti wina akumenya mwana wawo. "Kwathu m'tauni madzi amatenthetsa mumphika."

"Kuno mphika ndi wa ndiwo. Popanda phula zingatheke?"

Bamboyo anaganiza. "Zingatheke. Kupinda kawiri, milomo ikolane, ndiye kukhomerera mpaka igwirane yokha. Koma pamwala uwu ayi. Pafunika chitsulo cholemera, cha m'mphepete mowongoka. Ndipo zimadya nthawi. Pomwe ndimakhoma zinayi ndizikhoma ziwiri."

"Ziwiri zomwezo," anatero mayiwo.

Kuseri kwa golosale kunali chitsulo chachitali, chotsala pa lole ya malemu amuna awo. Anthu ogula zitsulo anachifunsapo kangapo, iwo kukana. Madzulo omwewo anaitana amuna a pamsika, ine ndikugwirizira kumapeto kopepuka, tinachitsitsira kwa a Zaqueu. Bamboyo anachisisita m'mphepete ndi chala, nachigogoda ndi hamala kuti amve kulira kwake. Sanathokoze ndi pakamwa, koma anavula jekete.

Tisanachoke Mayi Deliwe anasiya lamulo. "Ndowa iliyonse isanafike kwa ine iyambe yakwera pamutu. A Orlanda, chigubu chipume. Popita kumjigo muzitenga ndowa yatsopano, mutungiremo, musenze mpaka pano, mukafika muikhazike pamoto. Madziwo ndi omwe mumatunga kale, palibe otayika. Ikakunyowetsani, ibwerere kwa eni ake."

"Ikandinyowetsa, eni akewo tsiku limenelo sadya," anatero a Orlanda.

Ndikukhulupirira kuti masiku oyambirira bamboyo anagona ndi njala kangapo. Dzanja linali litaiwala kupinda kawiri, ndipo lata la zitini silimva msanga. Tinkamva tili pakhonde a Orlanda akukwera kuchokera kumjigo, akuyankhula Chipwitikizi mokweza, ndipo sipankafunika womasulira. Koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kudutsa ali ouma, akuyenda monyada, ndowa yatsopano ikuwala pamutu. Mutu umodzi utayamba kuchepa, anagawira anzawo oyandikana nawo, a Sonia ndi ena, aliyense ndowa yake ya tsikulo. Pamzere wa kumjigo amayi othawa nkhondo ndiwo anali ndi ndowa zatsopano tsiku lililonse, eni mudzi ali ndi zawo zakale zomata ndi sopo.

Mayi Deliwe sanasiyire pomwepo. Ankatsika tsiku lililonse limene afuna, nasolola ndowa ya pansi pa mulu, osati ya pamwamba imene munthu amaikira alendo. Ankadutsitsa nsonga ya chitenje pamlomo wa ndowa, ikakola ulusi ndiye kuti ingacheke mwana, ibwerere. Ankadzaza miyala, nainyamula ndi chogwirira, naigwedeza kuti aone ngati makutu ake agwira. Zina zimene ankakana, ine ndikanagula ndi maso otseka.

"Mayi ameneyu akanakhala wa kasitomu pamalire, palibe lole ikanadutsa," anandiuza a Zaqueu tsiku lina akudikira pakhonde.

Koma ndinaona kuti kudandaula kwawo kunali kwa munthu wosangalala. Anayamba kusesa pogwirira ntchito, zoyesedwa kuziika uku, zosayesedwa uko. Anayamba kupindira waya m'mlomo wa ndowa kuti ulimbe, osauzidwa ndi munthu. Akamakangana ndi Mayi Deliwe za kutalika kwa chogwirira, wina akuti chikugunda nkhata, wina akuti chikafupika chipana zala, a Orlanda ankawaikira mbatata yootcha pakati nawasiya. Mmisiri amafuna munthu woyang'anitsitsa ntchito yake, ngakhale woikana. Ine kasitomala wongovala osayang'ana msoko amandikwiyitsa kuposa wodandaula.

Ndowa zinabwerera pamisomali. Zinali zabwino kuposa za kufakitale, ndikutero ine amene ndinkakhala pansi pake. Koma palibe anagula. Mayi ankafika, kuigogoda ndi chala, mnzake namukoka chitenje, "Ndi zija zodontha." Mawu a Esime anali atalowa m'nyumba iliyonse mpaka kumidzi ya kwa Kanduku. Kuuza anthu kuti zayesedwa kunali kutaya malovu, chifukwa oyesawo anali akazi a mmisiri ndi anzawo, ndiye ndani akanawakhulupirira? Ndowazo zinachita fumbi. M'mawa uliwonse ndinkazipukuta ndi zidutswa za nsalu, ndikutukwana Thambani yense chamumtima.

Nthawi yomweyo wogulitsa wa ku Blantyre anafika ndi lole, naonetsa ndowa za pulasitiki zofiira ndi zobiriwira, nati mayiwo achotse zitinizo apachike zamakono. Mayi Deliwe anamuuza kuti abwerenso mwezi wamawa. Atachoka anaitanitsa a Zaqueu, chifukwa sankabisa mawu.

"Bambo, khonde si nkhokwe. Ntchito yanu ndaiona, ilibe chifukwa. Koma zikapanda kuyenda mwezi uno, ndizitsitsa."

A Zaqueu anagwedeza mutu. "Ndamva, mayi." Anatsika pang'onopang'ono, ndipo kwa masiku otsatira ankakhomabe, ngakhale kuti misomali inali yodzaza kale.

Mwezi uli pafupi kutha, linafika tsiku la msika. Anthu anadzaza msewu, njinga, mbuzi, madengu a manachesi. Dzuwa litakwera, Mayi Deliwe anatuluka m'sitolo atavala bulauzi yoyera imene ndinali nditangowasokera, yoti akavale ku ukwati wa mphwawo. M'manja anali ndi nkhata. Anaima pakhonde naitana mokweza kuti, "Esime, tabwera kuno."

Esime anabwera akupukuta manja, kumbuyo kwake anthu okonda zaulere.

"Sankha ndowa imodzi pamenepa. Iliyonse."

"Ine ndinanena kale kuti sindigula."

"Sindinati ugule. Sankha."

Esime anazungulira pansi pa misomali, naloza ya kumapeto, imene inali ndi kabampu m'mbali. Ndinaitsitsa ine. Mayi Deliwe anailandira, nauyamba wa kumjigo. Ine mtima unali pa bulauzi yanga. Nsalu imeneyo dontho limodzi lokha linkaonekera patali, ndipo mayiwo zaka zinali zitapita asanasenze kanthu kolemera kuposa duku.

Ndinasiya makina osavundikira n'kutsatira. Kumjigo amayi a pamzere anapatuka okha, eni mudzi ndi alendo omwe. A Orlanda, amene anali pamzerepo, anagwira mjigo napopa mpaka ndowa kudzaza. Anathyola masamba naika pamwamba kuti madzi asatayike poyenda, nawatwika Mayi Deliwe. Mayiwo anadzandira pang'ono, nagwira mlomo wa ndowa ndi dzanja limodzi, naima njii.

Njira yochokera kumjigo ndi yokwera, ndipo iwo sanadzere yachidule. Anadzera pakati pa msika penipeni, pa tomato, pa usipa, pa kaunjika. Ogulitsa anaimirira. Thukuta linayamba kutsika kumaso, ndipo bambo wina wa nyama anati, "Yayamba kudontha."

"Ndi thukuta limenelo, simulidziwa poti simugwira ntchito," anayankha a Orlanda ali pambuyo.

Atafika pakhonde, ine ndi a Orlanda tinawatula, ndowa tinaikhazika pasimenti youma. Mayi Deliwe ankapuma ngati akwera phiri la Thambani. Anangotambasula manja. Esime anayandikira, nagwira nkhata, nagwira duku, nasisita mapewa a bulauzi ndi kumsana komwe. Kenako anasuntha ndowa nayang'ana pamene inakhala. Simenti inali youma.

"Kusenza ndi kwina," anatero Esime. "Pamoto."

Pambali pa khonde panali mayi wootcha chimanga, moto wake uli pamafuwa. Anachotsa waya wake osapemphedwa, ndowa inakhazikidwa, wina nasonkhezera nkhuni. Ndipo tinadikira. Ndi pamene ndinawaona a Zaqueu. Anaima tsidya la msewu pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja, akuchipotokola. Sanayandikire. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinachita mantha, chifukwa msoko ndi msoko, ngakhale wa katswiri umatha kukuchititsa manyazi pagulu.

Malawi ananyambita lata mpaka kuda. Esime ananjuta, mutu uli chammbali, akuyang'ana kunsi kwa ndowa, khutu likudikira kuti moto ulire. Nthunzi inayamba kukwera. Moto unkangoyaka bwinobwino. Esime anaviika chala m'madzi, nachichotsa msanga, naimirira. Anakhala kanthawi osayankhula, ndipo amene timamudziwa tinaona kuti ichi chokha ndi chachilendo kuposa zonse za tsikulo.

"Imeneyi ndatenga," anatero potsiriza. "Ndi madzi omwe. Ndikasambe."

Anthu anaseka. Esime anaunguzaunguza. "Okhomawo ali kuti?" Wina analoza kumtengo wa mango. "Amisiri, tabwerani kuno."

A Zaqueu anawoloka msewu pang'onopang'ono, anthu akuwapatsa njira.

"Ndikufuna ina yaikulu kuposa iyi, yochapira," anatero Esime. "Muli nayo?"

"Ilipo. Ndamaliza dzulo."

"Tiyeni ndikatenge pompano."

"Iyayi, mayi. Sinatunge. Mudzaipeza pano Lachisanu, pamsomali."

Esime anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pa Thambani panalibe munthu womukaniza chinthu iyeyo atachifuna. "Mukundikaniza?"

"Ndikukukanizani, mayi."

"Lachisanu ndiye," anatero Esime, akuphula ndowa yake ndi nsonga ya chitenje. "Ndibwera m'mawa."

Mayi Deliwe anali atakhala pampando wanga, akusisita khosi, bulauzi itamatirira m'khwapa ndi thukuta. A Zaqueu anafika pamaso pawo. Ndinkayesa anena kanthu, koma bambo wa imvi uja anagwada pasimenti, naika chipewa pansi, nawomba m'manja pang'onopang'ono monga amathokozera kwawo. A Orlanda anaphimba kumaso ndi chitenje. Ine ndinayamba kufunafuna ulusi umene sindinataye.

Mayi Deliwe anayang'ana kumbali, maso atafiira. "Dzukani, bambo," anatero. "Mukutsekereza ogula."

Sankanama. Kumbuyo kwa a Zaqueu amayi anali ataima kale pamzere, akuloza pamisomali.